Azimayi Awiri M'kaseti Imodzi

Chisomo, chotsa chala pamenepo. Nyimbo yoyambayo liza mmene ungafunire, koma yachiwiriyo isiye. Ndati isiye, iwe! Ika foniyo patebulo pomwe ndingaione. Nawe Mwila leka kuseka, sendera kuno. Atate anu analakwitsa kukutumizirani nyimbo ziwirizi osakuuzani kumene zinachokera, ndipo ndidzawafunsa bwino akabwera kudzakutengani. Inu mwakulira ku Kitwe, mumanditcha ba shikulu m'Chibemba cha amayi anu, ndipo mumayesa kuti agogo anu ndi nkhalamba yongokhalira kukangana ndi nkhuku za aneba. Khalani pansi. Magetsi apita ndipo sabwera msanga, ndiye mulibe kothawira.

Mawu ali mu nyimbo yachiwiriyo ndi a amayi anga, a Nabanda, amene anabala ine. Chithunzi chawo palibe. Kalata palibe, poti sankalemba. Chimene chinatsala cha iwo padziko pano ndi mawu amenewo basi, ndipo kwa zaka zambirimbiri mawuwo anali pa kalamba kamodzi kopyapyala ngati khoko la anyezi, m'kaseti imodzi, m'nyumba muno mwa Kanyama momwe madzi amalowa osagogoda.

Kaseti simuidziwa, musanamizire. Ine ndiye ndinkaidziwa kuposa nkhope yanga, chifukwa ntchito yanga inali yokonza mawailesi. Ndinali ndi kabenchi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Chitsulo chowotcherera mawaya ndinkachitenthetsa pa mbaula, ndipo zipsera zake ndi izi, taonani chala ichi. Lamba wa makina a kaseti akaduka, sindinkadikira wa kusitolo, ndinkacheka mphira ya chubu cha njinga n'kuika. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa ngati kapenta, n'kugwiranso ntchito tsiku limodzi. Makina akatafuna kaseti, tinkasolola lamba wa m'kasetimo mwaulemu n'kumukulunganso ndi bolopeni. Inu chinthu chikangoti zii mumati chafa, tigule china. Ife chinthu chinkafa kanayi chisanatayidwe.

Tsiku lina pabenchi pangapo panaima mzungu wamtali, wamakutu ofiira, atakumbatira makina ojambulira mawu ngati mwana wodwala. Anali wansembe watsopano wa kutchalitchi kwathu. Dzina lake linkatipinda lilime, ndiye komboni yonse inangomutcha Bambo Kawailesi, poti kachinthuko sankakasiya. Ankalankhula Chichewa cha m'buku, choongoka ngati njanji.

"A Yosefe, ndamva kuti inu mumaukitsa akufa," anatero. "Uyu wafa dzulo."

Ndinatsegula, ndinapeza lamba wasungunuka ndi kutentha, ndinaika wa njinga. Poyesa, iwo anatulutsa kaseti m'thumba la malaya. Ine ndinkayembekezera nyimbo za tchalitchi. Koma munatuluka kulira kwa chinthu chonga kaligo wa kwathu, chothamanga, ndi phazi la munthu likugunda pansi, ndipo chapatali galu akuuwa. Amayi ogulitsa tomato anatembenuka onse.

Kuyambira pamenepo tinakhala pa ubwenzi. Kwawo kunali ku Ayalandi, dziko laling'ono la mvula lozunguliridwa ndi nyanja, ndipo anandiuza kuti anthu a kumudzi kwawo ali ndi chilankhulo chawochawo chakale, osati Chingelezi, koma chinkatha pang'onopang'ono pamodzi ndi nkhalamba. Asanabwere kuno anayenda pa njinga khomo ndi khomo kujambula nkhalamba zimenezo. Makaseti ake anali m'chitini cha mabisiketi, iliyonse yolembedwa nambala, dzina la woimba, mudzi wake, ndi amene anamuphunzitsa nyimboyo. Munali oliza vayolini, chonga kaligo chija, munali a chitoliro chachitsulo, munali ng'oma ina yonga lichero. Koma zambiri zinali za munthu mmodzi akuimba yekha, popanda ng'oma, popanda wowomba m'manja, popanda wovomera. Ine zinkandimvetsa chisoni. Ndinawafunsa kuti, kodi kwanuko munthu akamaimba anzake amakhala atapita kuti? Anaseka mpaka kutsokomola, nati alipo, angokhala chete kumvetsera. M'makasetimo unkamvadi wotchi ya pakhoma, ketulo ikuwira, wina akukoka mpando.

"Ambiri mwa awa anagona kale," anandiuza akusisita chitinicho. "Ndikanachedwa chaka chimodzi, ndikanapeza manda okhaokha."

Ndiye matenda awo aja sanawasiye kwawo. Atangozolowera fumbi la Kanyama anayamba kufunafuna nkhalamba za kuno. Komboni ino inali ndi mitundu yonse, Ansenga, Abemba, Atonga, Alozi, aliyense anabwera ndi nyimbo za kwawo m'mutu n'kuzisiya zikuchita dzimbiri. Loweruka masana ndinkatseka benchi n'kupita nawo, ine wogwira makina. Anandiphunzitsa malamulo atatu: woimba ayambe watchula dzina lake ndi la amene anamuphunzitsa; akalakwitsa usamudule; ndipo tambala akalira usamuthamangitse, nayenso ndi wa pamalopo. Lachitatulo ndinkalitsutsa, ndipo mpaka lero ndimalitsutsa.

Amayi anga nthawi imeneyo ankakhala ndi ife m'nyumba ino. Ndinakawatenga ku Katete atate atamwalira. Tauni sanaikonde ngakhale tsiku limodzi. Chigayo chinali pafupi, koma iwo anaitanitsa mtondo, ankati ufa wa makina umanunkha chitsulo. Anali munthu wamfupi, wolusa pakamwa, ndipo mkwiyo wangawu musaufunire kwina. Koma pa maliro, ana inu, akayambitsa nyimbo a Nabanda, amuna okhala panja ankayamba kuyang'ana nsapato zawo. Mbiri imeneyo inawafika Bambo Kawailesi, ndipo anabwera ndi fodya wa mphuno m'kabotolo.

Amayi analandira fodyayo. Anaimba za pamtondo, anaimba zotonthoza mwana, anaimba ina yonyoza mkamwini waulesi akundiyang'ana ine ngati ndine mkamwini wawo. Kenaka Bambo anapempha mwaulemu kuti aimbeko imodzi ya maliro.

Amayi anaika kabotolo pansi. "Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi. Ndikungofuna kuti isungike."

"Ndiye mufuna amwalire ndani?"

Ine ndinayesa kulowererapo, ndinati amayi, awa ndi makina chabe, si malodza ayi. Anandiyankha kuti nyimbo ya maliro ukaiimba pabwalo poyera imapita kukadzifunira mwini wake, ndipo m'nyumba muno muli ana. Ana ake anali atate anuwa, ali ndi mamina m'mphuno. Bambo anabweranso kawiri, fodya ankalandiridwa, yankho linali lomwelo. Ine ndinachita manyazi, ndinawaona amayi anga ngati munthu wotsalira. Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinalakwa.

Panapita mvula ziwiri. Tsiku lina m'mawa, wophika wa kunyumba ya ansembe ananong'oneza amayi ena kuti kwafika uthenga wa pawaya: amayi a Bambo Kawailesi amwalira ku Ayalandi. Uthengawo unachedwa m'njira, moti pofika kuno anali ataikidwa kale. Bambo anawerenga, anaupinda, anachita Misa monga mwa masiku onse osauza munthu, n'kukwera njinga yamoto kupita kukaona odwala. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Ankati alira okha m'chipinda, mwachizungu.

Koma anaiwala kuti ali ku Kanyama. Panali mayi wina wa Chibemba, bana Mulenga, mtsogoleri wa azimayi a mpingo, munthu woti akayenda nthaka inkamva. Dzuwa lisanafike pamutu anali atasonkhanitsa anzake. Analowa m'nyumba ya ansembe, anatulutsa mipando yonse ya pabalaza, tebulo, ndi kabati ya mabuku yomwe, n'kuyala mphasa ndi masaka pansi. Azimayi anakhala m'katimo atatambalala, amuna tinakhala panja pa mipando ija, monga mmene timachitira panyumba iliyonse ya maliro. Palibe anaganiza zopempha chilolezo, poti maliro sapemphedwa.

Bambo pobwera anazimitsa njinga yamoto pageti n'kuima kukamwa kuli yasa. Katundu wawo yense anali padzuwa, ife titakhalapo.

"Kodi ndasamutsidwa?" anafunsa.

Bana Mulenga anatuluka atamanga chitenje m'chiuno. "Ba Fada, ngenani munkale pansi. Manje mwenze kufuna kulila mweka monga mulibe bantu?"

"Koma amayi, kwathu anaika kale. Mtembo palibe pano."

"Ise sitinabwelele mtembo, tabwelela imwe. Ngenani."

Analowa. Ndinawaona pazenera atakhala pamphasa, miyendo yawo yaitali ija ikusowa kolowera. Azimayi anaimba nyimbo za m'buku la tchalitchi, imodzi, ziwiri, zisanu. Bambo anangokhala duu, maso ouma, ngati mlendo pa maliro a eni. Ndiye ndinamva mawu a amayi anga akudula pakati.

"Bambo, tikulira munthu amene sitikumudziwa. Amayi anuwo anali wotani?"

Bambo anadzuka, anakatenga chitini chija, n'kutuma munthu kuti aitane Yosefe. Mwamuna salowa mwa azimayi pa maliro, koma makina ankandidziwa ine. Ndinalowa nsapato zili m'manja, ndinagwada pakona, ndinaika kaseti imene anandipatsa.

Munatuluka mawu a mayi wokalamba, aang'ono, onjenjemera pang'ono, akukwera ndi kutsika ngati kanjira ka m'phiri. Panalibe amene anamva liwu ndi limodzi lomwe. Bambo anati ndi nyimbo imene amayi awo ankaimbira alongo awo amene anakwera sitima ya pamadzi kukafuna ntchito kutali, osabwereranso. Koma sanafunikire kumasulira. Nyimbo isanafike pakati, bana Mulenga anali ataphimba nkhope ndi chitenje, ndipo kulira kunayamba kumbuyo n'kubwera kutsogolo. Ndipo munthu wamkulu uja, wansembe wathu, anagwira mutu n'kulira mokweza ngati kamwana kotayika pamsika. Ine ndinalira nawo, sindibisa.

Kaseti itatha, amayi anandikodola. "Yosefe, konza kachinthu kako. Lero maliro alipo."

Zaka ziwiri tikupempha, lero avomera, ndipo kaseti yopanda kanthu panalibe. Tinafufuza m'chitini monse, zonse zinali zodzaza. Kutauni kunali kutali, ndipo munthu amene nyimbo yamufika pakhosi sungamuuze kuti adikire basi. Ndiye Bambo anatulutsa kaseti ya amayi awo ija m'makina, anaitembenuza, n'kuibwezeramo. Anati mbali inayo ilibe kanthu. Tsiku limene ankajambula, amayi awo anatopa, ndipo analonjeza kuti zotsalazo adzamuimbira mwana wawoyo akadzabwera pa tchuthi.

Amayi anga anaimba pamenepo, pamalo pamene mnzawo anasiya. Mukandifunsa mmene anaimbira tsiku limenelo, sindingakuuzeni. Maso anali pa timagudumu ta kaseti, ndikupemphera kuti lamba wa njinga asandichititse manyazi. Ndinajambula nyimbo yonse osaimva. Atamaliza anapukuta kumaso n'kuloza makinawo ndi chala.

"Imeneyo isalire popanda maliro. Mwamva, Bambo?"

"Ndamva, amayi. Ndalonjeza."

Anasungadi lonjezo. Patapita zaka, chifuwa chinawavuta ndipo akuluakulu awo anawaitana kwawo. Makaseti onse anapita nawo, a ku Ayalandi ndi a kuno omwe, anati kumeneko kuli nyumba yosungira zinthu zotere. Koma ija anabwera nayo pabenchi panga. Anati ndiwakopere mbali ya amayi awo yokha pa kaseti ina, yeniyeniyo itsale ndi ine.

"Kwathu sadzamvetsa lamulo la amayi anu," anatero. "Wina adzailiza Lachiwiri masana akumwa tiyi. Ikhale kuno. Musaiike padzuwa, musaiike pafupi ndi sipika, ndipo madzi asaione."

Madzi asaione, ku Kanyama! Kuno pansi ndi mwala, mvula ikagwa madzi alibe kolowera koma m'nyumba zathu. Chaka china anafika m'mawondo usana umodzi. Ambuya anu, mkazi wanga, Mulungu awasunge kumene ali, anathamangira thumba la ufa, ine ndinathamangira kachitini kamene ndinkasungiramo kasetiyo. Ndinatuluka nditakasenza pamutu ngati mkazi wochokera kumjigo, ufa wina n'kunyowa. Anandinena mwezi wathunthu. Ankati ndikaphike kasetiyo ana adye.

Amayi anakamwalirira kumudzi, kumene anaumirira kubwerera atamva kuti mphamvu zatha. Ndinapita ndi kaseti ndi makina, ndikuti tsopano maliro alipo, anthu amve. Koma amalume anga anandikaniza pakhomo. Anati munthu sadzilira yekha. Ndinabwerera nayo osailiza.

Kuyambira pamenepo sindinaiikenso m'makina. Mbali ya amayi inali yoletsedwa, ndipo ya mayi wa ku Ayalandi ndinkaiopa, chifukwa lamba ndi mmodzi, makina akatafuna mbali imodzi atafuna zonse. Maliro ankagwa, a ambuya anu omwe, koma mantha ankandigwira dzanja. Ndinkati bwanji ndikaika n'kupeza muli zii? Bola kusadziwa. Chimene ndinkachita, chaka chilichonse nyengo yozizira, ndinkaitulutsa n'kuizunguza ndi bolopeni kuchokera uku mpaka uko kuti lamba asamatirane, kenaka n'kuibwezera. Makaseti anatha m'dziko, benchi yanga inatha, anabwera mafoni anuwa amene satsegulidwa ndi sikuludiraiva. Ine chaka ndi chaka ndinkangozunguza amayi anga ndi bolopeni, osawamva.

Mwezi wathawu, inu muli kusukulu, katekisiti anafika pano ndi mayi wachizungu wa imvi, dzina lake a Nola. Anali mwana wa mlongo wake wa Bambo Kawailesi. Atate anu anali pano tsiku limenelo, ndiwo ankamasulira. A Nola anati amalume awo anamwalira miyezi ingapo yapitayo, atakalamba kwambiri. Anati makaseti onse aja akuwasamutsira m'makompyuta kuti asatayike, koma nambala imodzi ikusowa, ndipo m'kabuku ka amalume awo munalembedwa kuti ili kwa Yosefe wa mawailesi, Kanyama. Ndinafunsa za kope ija. Anati nkhalambayo inkailiza tsiku lililonse m'chipinda chake mpaka lamba anatha, mawu anafufutika. Nyimbo ya agogo awo inalibenso kwina padziko lonse koma m'chitini changa. Yolizidwa ija inatha, yoletsedwa ndi a Nabanda ndiyo inatsala.

Anapempha kuti aikope pomwepo, makina anabwera nawo m'chikwama. Ine ndinati ayembekeze. Ndinauza atate anu kuti atulutse mipando.

"Ba tate, anthu aba bali na ndeke mailo," anatero atate anu, mwa Chinyanja chawo cha m'tauni, kunena kuti mlendoyo akwera ndege mawa lake. "Elo ba Fada banafa kudala."

Ndinati kwa ife amwalira lero, poti uthenga wafika lero. Maliro n'kulirana. Munthu ameneyo tinamulirira amayi ake, ndiye iye apite ngati nkhuku? Mipando inatuluka. Aneba anabwera, ndi nkhalamba zitatu za mpingo zimene zinkamukumbukira. A Nola anakhala pamphasa, miyendo ikusowa kolowera ngati amalume awo.

Ndinapukuta mutu wa makina ndekha ndi thonje la sipiriti. Nditangodina, lamba wa m'kaseti anaduka poyambirira penipeni. A Nola anagwira pakamwa. Koma ine manja anakumbukira ntchito yawo. Ndinaitanitsa utoto wa zikhadabo kwa mtsikana wa aneba, ndinalumikiza, tinadikira kuti uume. Sindinapemphereko chotero chibadwire.

Mayi wa ku Ayalandi anaimba, mawu ake ali mbee ngati wajambulidwa dzulo, wotchi ya pakhoma ikugunda kumbuyo. Mdzukulu wake analira, azimayi anamugwira mapewa. Kenaka ndinatembenuza kaseti.

Poyamba kunali phokoso la anthu akufwenthera. Ndiye ndinamva kutsokomola kumene ndikanakudziwa pakati pa anthu chikwi. Ndinkayembekezera nyimbo. Koma amayi anayamba ndi kundikalipira.

"Yosefe, usandiyandikizire chinthucho pakamwa ngati ukundimwetsa mankhwala. Sendera uko."

Ana inu, ine ndine nkhalamba ya mano anayi. Palibe amene watsala padziko pano woti angandiuze kuti sendera uko. Ndinasendera. Pamphasa pomwepo, anthu akuona, ndinasendera, kenaka ndinalira mpaka nyimbo yonse inatha. Ulendo uno ndinaimva.

A Nola anakopa mbali zonse ziwiri, n'kuwaikirako atate anu pafoni. Ndinawauza lamulo la amayi, analilemba m'kabuku ka amalume awo pansi pa nambala ija, ndipo anandiwerengera kuti ndimve. Kaseti yeniyeniyo ili m'chitini, pamwamba pa kabati, pomwe madzi sanafikepo.

Ndiye mwamva. Yoyambayo ndi yanu, lizani pochapa, lizani m'basi, mayi ameneyo anakhala nafe zaka zambiri, ndi wachibale. Yachiwiriyo musaifufute, musaitumize kwa anzanu, ndipo musailize. Lidzafika tsiku limene mudzatulutse mipando iyi panja chifukwa cha ine. Usakwinye nkhope, Mwila, silili kutali ndipo sindikuliopa. Tsiku limenelo iwe Chisomo udzalowe mwa azimayi, nsapato m'manja, udzaike foniyo pamphasa n'kudina. Amalume anati munthu sadzilira yekha, ndipo ananena zoona. Koma ine ndine mwana wawo. Amayi anga adzandilire.

Tsopano liza yoyambayo. Kweza pang'ono, makutuwa anatha.